Malangizo a Munthu Wosakwerapo Ndege

Mayi Saida anali atakwera ndege kanayi, ndipo ku Linga kunalibe munthu wosadziwa zimenezi. Ogulitsa mpunga pamsika ankadziwa. Amayi anzawo a kumzikiti ankadziwa mpaka mtundu wa bulangete limene amafunditsa anthu mundege. Ngakhale bambo wodzawerenga mita ya madzi anaimitsidwapo padzuwa n'kuuzidwa mmene mitambo imaonekera munthu ukakhala pamwamba pake. Tsopano mayiwa ankakonzekera ulendo wachisanu, wautali kuposa ena onse: masabata awiri ku Istanbul, m'dziko la Turkey, mwezi wa Disembala, kukangopuma basi. Anati atenga Nadia, mwana wawo wobereka, ndi Zahra, mwana wa malemu mng'ono wawo, amene anamulera kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Zahra anasangalala tsiku loyamba lokha. Tsiku lachiwiri anamva kuti wokonza matikiti ndi hotela ndi Sharifu.

Sharifu anali mwana wa mwini mashopu a zitsulo pa boma. Anali atafunsira Zahra kawiri, n'kukanidwa kawiri, koma kwa iye kukanidwa kunali ngati mvula yogwa pa galimoto ya eni. Zahra anali kale ndi wake: Layson, wokonza magetsi ku Dwangwa, Mkhristu, wobadwira ku Dedza. Layson sanadulepo nzimbe chibadwire, koma Mayi Saida sankamutchula dzina. Ankangoti “wodula nzimbe uja.”

* * *

Lachinayi masana Layson anatsika minibasi ya ku Dwangwa n'kupeza Zahra pamalo awo a masiku onse, kuseri kwa depoti, pabenchi la mayi wogulitsa zitumbuwa.

“Loweruka ndikubwera kwanu,” anatero asanakhale n'komwe.

“Kwathu kuti?”

“Kwanu. Pakhomo pa amayi ako. Ndidzaodira ngati munthu.”

“Wadwala kodi?”

“Chaka ndi miyezi itatu, Zahra, tikukumana ngati tikugulitsana chamba. Ukupita kutali. Ndikufuna ndikutsanzike anthu akuona. Ndilinso ndi kanthu kako.”

“Ndipatse pompano.”

“Sikanathe.”

Zahra anatsonya. “Loweruka Sharifu adzakhalapo. Akuti akudzatiphunzitsa kayendedwe ka kunja. Munthu uja perefyumu wake amafika pabalaza iye akadali pageti. Ntchentche zimakomoka.”

“Ndiye ndidzaphunzira nawo.”

“Adzakunyoza, Layson. Sukuwadziwa amayi.”

“Ndikuwadziwa. Iwowo ndi amene sakundidziwa.”

* * *

Loweruka Sharifu anafika atavala kanzu yoyera mbee ndi magalasi akuda amene sanavule ngakhale m'nyumba. Anakhala pampando wa malemu bambo a Nadia, umene munthu wina sankakhalapo, n'kuyala patebulo mapasipoti atatu ndi mapepala a ulendo. Mayi Saida anamuikira tiyi wa mkaka ndi samusa pa mbale zimene zinkatuluka pa Idi pokha.

“Choyamba,” anatero Sharifu akutafuna, “mukasintha ndege ku Addis Ababa musamayang'ane uku ndi uku ngati anthu a ku Mwadzama atafika ku Lilongwe. Muziyenda ngati bwalolo ndi la bambo anu. Chachiwiri, wina akafunsa kwanu, musati Malawi. Sakudziwako. Muziti South Africa, nkhani n'kutha.”

“Mwamva?” anatero Mayi Saida. Nadia anagwedeza mutu mwachangu, maso ali pa Sharifu ngati mphaka woyang'ana usipa. Zahra ankayang'ana zala zake.

“Chachitatu, zitenje zitsale. Chachinayi, zovala zopepuka zokhazokha. Mayiko akumeneko ndi ng'anjo. Mukanyamula zolemera mudzangochititsa manyazi.”

Pamenepo panja panamveka mawu. “Odi kuno!”

Layson anavula nsapato pakhomo, nalowa atanyamula jumbo yakuda. Anali atavala malaya abuluu ositidwa bwino. Anagwada pang'ono.

“Muli bwanji, amayi?”

Mayi Saida anamuyang'ana kuyambira kumapazi, n'kuima pa sokosi zake, ngati kuti kupitirira pamenepo kunali kutaya nthawi.

“Magetsi athu ali bwinobwino. Sitinaitane munthu.”

“Sindinabwerere magetsi, amayi. Ndamva kuti muli paulendo. Ndabwera kudzatsanzika, ndi kupereka kamphatso kwa Zahra.”

Panalibe womupatsa mpando. Anakhala pa kasitulu pafupi ndi tebulo, mawondo ali m'mwamba. Jumbo ija isanafike kwa Zahra, Nadia anailanda n'kuikhuthula pamkeka. Munatuluka juzi yokhuthala yofiirira ndi kope la ana a sukulu. Mayi Saida anatola kopelo, navala magalasi awo, n'kuwerenga pachikuto mokweza.

“‘Malangizo a ulendo wa Zahra.’ Subuhanallah! A Sharifu, mwapeza mnzanu. Tamverani.” Anasintha mawu, n'kumawerenga ngati mwana wa sitandade wanu. “‘Mapazi amatupa mundege. Uvale nsapato zomasuka, ndipo pakapita maola awiri uziimirira n'kuyendako pang'ono.’ Kuyenda kupita kuti? Kumunda?”

Nadia anaseka mpaka kugwira m'mimba.

“‘Mankhwala ako a mphumu akhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'chikwama chachikulu, chifukwa chachikulu chimatha kutsala panjira. Ulembe dzina la hotela pakapepala n'kusunga m'thumba, foni imatha moto. Ujambulitse pasipoti, pepalalo ulisunge kwina.’ Ee, profesa! ‘Pa msika waukulu wofolera uja, mtengo woyamba si mtengo. Uchite ngati ukugula chambo kwa asodzi a ku Chia: useke, unyamuke, adzakuitana okha.’ Mwamva? Mwana wanga akanunkhitse nsomba ku Istanbul.”

Anatembenuza tsamba.

“‘Mzindawu uli pawiri, mbali ina ku Ulaya, mbali ina ku Asia, pakati pali madzi. Ukwere sitima yowolotsa anthu, ukhale panja, udzandiuze ngati imagwedezeka monga zathu nthawi ya mwera. Ku mzikiti waukulu umene amautcha wabuluu upite mmawa anthu asanachuluke. Nthawi ya swala, anthu akamapemphera, alendo ongodzaona salowa, koma iwe ndiwe Msilamu, udzalowa. Ukandipempherereko.’”

Apa mawu a Mayi Saida anatsika okha. Zahra anadziwa tsopano chifukwa chake kwa masabata atatu Layson ankachedwa kuyankha mauthenga.

Sharifu ananyamula juzi ija ndi zala ziwiri, kutali ndi mphuno yake.

“Ya pa kaunjika iyi. Mwini wake anafera ku Ulaya chaka chatha. Achimwene, tandiuzani, munafikapo kuti inu?”

“Ku Mzuzu. Ndi ku Lilongwe kawiri.”

“Pa ndege?”

“Pa basi.”

“Ndiye zonsezi mwazitenga kuti? Mwalota?”

“Zina ndawerenga pafoni. Zina wandiuza injiniya wina kuntchito kwathu, anaphunzira kumeneko zaka zinayi. Iye ndi amene wandiuza za juzi. Akuti Disembala ndi nyengo yozizira kwambiri, masiku ena kumagwa chipale chofewa. Zahra ali ndi mphumu.”

“Chipale!” Sharifu anamenya ntchafu yake. “Amayi, mukumva? Ine amene ndayenda ndikuti ndi ng'anjo, wa ku Mzuzu akuti chipale.”

“Pepani, munapitako mwezi wanji?” anafunsa Layson mwaulemu.

Sharifu anakonza magalasi ake. “Ku Dubai ndapitako kasanu ndi kawiri.”

“Nanga ku Istanbul?”

“N'chimodzimodzi. Konseko ndi kunja.”

“Ooh.” Layson anagwedeza mutu pang'onopang'ono. “Ndiye kuti tonse awiri sitinafikeko.”

Samusa imene inali m'manja mwa Sharifu inaima panjira. Mayi Saida anatseka kope mwamphamvu, nalitaya pansi.

“Iwe, m'nyumba mwanga muno mlendo wanga sayankhidwa ndi munthu wonunkha utsi wa nzimbe. Wabwera kudzationetsa nzeru? Nzeru zikanakhala zako bwenzi ukukwera basi?” Anatembenukira kwa Zahra. “Munthu uyu wamuitana ndiwe?”

Maso onse anagwera pa iye. Zahra anaona nkhope ya mayi amene anamusambitsa, kumulipirira sukulu, kumugoneka pamsana usiku umene amayi ake anaikidwa.

“Ayi, amayi. Sindinamuitane.”

Zinali zoona, koma zinamveka ngati chitseko chomenyetsedwa. Layson anamuyang'ana kamodzi kokha, naimirira.

“Tsalani bwino, amayi. Muyende bwino.”

Anavala nsapato zake pakhomo mosafulumira. Asanafike pageti, Sharifu anali atayamba kale kuseka, ndipo Nadia ankamuthandiza.

* * *

Zahra anadzitsekera kuchipinda n'kuyamba kulemba.

“Wafika?”

Uthenga unawerengedwa. Yankho silinabwere. Analembanso.

“Layson, ndinakuuza kuti adzakunyoza.”

Patapita ola lathunthu foni inanjenjemera.

“Iwowo sanandipweteke. Munthu sudandaula galu wa eni akakuuwa.”

“Ndinanena zoona. Sindinakuitane. Unabwera wekha.”

“Inde. Ndinabwera ndekha, ndabwereranso ndekha.”

“Ukanafuna nditani? Ndiwatukwane amayi pamaso pa mlendo?”

“Mawu amodzi okha, Zahra. Ukanati, ‘Uyu dzina lake ndi Layson.’ Basi.”

Zahra analemba, nafufuta, nalembanso, nafufutanso. Potsiriza anatumiza mawu atatu: “Kope lija n'labwino.”

“Liponye kuchimbudzi. Uli ndi mlangizi wa ku Dubai.”

Atatero, Layson anazimitsa foni.

* * *

Lamulungu mmawa Zahra ndi Nadia ankasita zovala pakhonde la kuseri. Zahra anali atabisa kope lija pansi pa pilo, ndipo juzi anaipinda n'kuiika pansi penipeni pa chikwama chake. Nadia anali ataona zonse.

“Ukaivala juzi ya wakufa ija pa nikaha, tsiku la ukwati?” anafunsa osadzutsa mutu.

“Nikaha ya ndani?”

Nadia anaika simbi pansi, namuyang'ana ndi maso odzaza chidani chimene Zahra anali asanachionepo poyera.

“Usadzipusitse. Kapena ndiwe wopusadi? Ukuganiza munthu angalipirire akazi atatu ndege chifukwa chokonda amayi? Sharifu akubwera nafe. Amalume akubweranso, tikiti yawo ndinaiona. Shehe womangitsa ukwati wapezeka kale kumeneko, mnzawo wa bambo ake a Sharifu. Akuti kuno ungathawire ku Dwangwa, koma kumene sudziwa chilankhulo, sudziwa njira, udzangoti inde.”

Zahra anagwira chipilala cha khonde. “Ukunama.”

“Kafunse telala wa pamsika kuti diresi loyera limene akusoka n'la muyeso wa ndani.” Nadia anatenganso simbi n'kuikanikiza pa hijabu ngati ikumulakwira. “Ine ndine mwana wobadwa m'nyumba muno. Zaka zitatu ndikumuphikira munthu uja tiyi. Ndikudziwa amathira masupuni angati a shuga. Koma akalowa maso ake amafuna iwe, mwana wotoledwa, amene ngakhale moni umamupatsa ngati ukulavula. Ulibe n'chiuno chomwe.”

“Mutenge! Ndikukupatsa ndi manja awiri. Ine sindimufuna.”

“Sindilandira zotsala zako.” Nadia anamwetulira pang'ono, kumwetulira kopanda chisangalalo. “Koma usadandaule. Ndegeyo sikwera aliyense amene ali ndi tikiti.”

* * *

Mayi Saida anali kuchipinda kwawo akuyesa nsapato zatsopano pamene Zahra analowa osagogoda.

“Amayi, n'zoona kuti mukukandikwatitsa?”

Sanadzidzimuke. Anapitiriza kuyang'ana phazi lawo pagalasi.

“Amene wakuuza ali ndi pakamwa patali. Koma inde. Ndipo uyenera kugwada n'kuthokoza. Atsikana a pa boma pano amamangitsa nikaha pansi pa tenti yobwereka, mbuzi zikudutsa. Iwe ukamangitsa ku Istanbul.”

“Sindimufuna Sharifu. Ndinamukana kawiri.”

“Unamukana uli mwana. Ukufuna chiyani? Wodula nzimbe? Ukakhale m'kanyumba ka chipinda chimodzi, Lamulungu lililonse akukukokera kutchalitchi, ana ako osadziwa ngakhale Bisimillah? Dzulo wakubweretsera chiyani? Kope ndi sanza. Ndiye chuma chake chonse chimenecho, wachinyamula m'jumbo imodzi.”

“Anakumbukira mphumu yanga. Inu ndi a Sharifu munakumbukira?”

Mayi Saida anatembenuka tsopano.

“Ndakhala ndikukumbukira mphumu yako zaka khumi ndi zitatu, iye asanadziwe kuti uliko. Mng'ono wanga anakwatiwa ndi chikondi, anafa ndi chitenje chimodzi. Iwe sudzatero ine ndili moyo. Lachisanu tikunyamuka, ndipo udzakwera ndegeyo ngakhale tikunyamule ngati thumba la mpunga.” Anakweza mawu. “Nadia! Tenga zinyalala za dzulo zija kuchipinda kwa uyu, uzimange, mawa uzikweze minibasi zibwerere kwa mwini wake. Ndisazionenso muno.”

“Chabwino, amayi,” anayankha Nadia kuchokera pakhonde, ndipo mawu ake anali okoma modabwitsa.

Zahra anabwerera kuchipinda. Anaika pambali mkangano wadzulo, nalembera Layson zonse: za shehe, za amalume, za diresi loyera. Potsiriza anati, “Ndinalakwa dzulo. Dzina lako ndi Layson, ndipo ndidzalinena pamaso pa aliyense. Ndithandize. Ndisakwere ndegeyi.”

Yankho linabwera nthawi yomweyo.

“Sukwera. Ndipeza njira, zivute zitani.”

* * *

Lolemba cha m'ma leveni, Layson anaimbiridwa ndi kondakitala wa minibasi kuti akalandire katundu pa siteji ya ku Dwangwa. Inali jumbo yake yomwe ija, yomangidwa ndi chingwe cha pulasitiki. Anainyamula mpaka kunyumba kwake n'kuiponya pabedi. Sanafune kuitsegula. Mutu wake unali pa zina: anali atagwirizana ndi amalume ake a ku Dedza kuti afike Lachitatu, apite limodzi kwa amalume a Zahra akalankhule monga anthu akuluakulu, ulendo usanachitike.

Koma mtima sunamulole. Anadula chingwe. Kope lija linali momwemo, chikuto chitang'ambika pakati. Anatulutsa juzi, naikutumula kuti aipinde bwino, ndipo kanthu kena kanagwa kuchokera m'dzanja la juziyo n'kugunda pansi.

Anawerama n'kukatola. Kanali kabuku kakang'ono kolimba. Anatsegula tsamba loyamba, ndipo nkhope ya Zahra inamuyang'ana, yosamwetulira, ili m'hijabu yakuda.

Asanamvetse n'komwe, foni yake inalira. Nambala inali yachilendo.

“Layson, ndine. Ndabwereka foni ya aneba, yanga alanda.” Zahra ankalankhula mothamanga, mpweya ukumuthera. “Pasipoti yanga yasowa. Amayi anatsegula envelopu ya mapasipoti mmawa uno, anapeza awiri okha. Nadia wawakumbutsa kuti Loweruka unakhala pafupi ndi tebulo. Kenako awerenga mauthenga athu, pamene unati upeza njira zivute zitani. Sharifu wathamangira kupolisi.”

“Zahra, tamvera…”

“Usaope. Anyamuka kalekale pa galimoto ya Sharifu, amayi, iyeyo ndi wapolisi mmodzi, afika nthawi ina iliyonse. Sharifu amaseka, akuti lero tiona ngati m'kope lako muli malangizo a kundende. Ine ndaimirira pamaso pa onse, pamaso pa amalume, ndagwira Kurani. Ndalumbira kuti Layson si wakuba. Ndawauza kuti akaipeza kwa iwe, ndivomera ndi pakamwa panga kukwatiwa ndi Sharifu, osadikira Istanbul. Ndiye asiye afufuze. Atembenuze matiresi, atsegule chilichonse. Achite manyazi onsewo. Wamva?”

Layson anayang'ana kabuku kamene kanali m'dzanja lake. Nyumba yake inali ya chipinda chimodzi, khomo limodzi, ndi zenera lokhala ndi zitsulo.

“Layson? Bwanji sukuyankha?”

Panja, ana a aneba anasiya kusewera. Galimoto inaima pafupi kwambiri ndi khomo, zitseko zitatu zinatseguka motsatizana, ndipo mawu a Mayi Saida anamveka bwinobwino.

“Ndi kano? Ine ndimayesa ndi khola la nkhuku. Gogodani, bwana.”